Fayilo Imene Ndinaitcha Chakale

Lachiwiri m'mawa ndinali pakati pokangana ndi bambo wina amene anagwetsera foni m'chitsime n'kumalumbira kuti inangozima yokha, pamene ndinaona amayi Ezeliya akutsika pa kabaza kutsogolo kwa shopu yanga pa Nsaru. Anali atakulunga laputopu ya mpingo m'chitenje, ataifumbatira pachifuwa. Wa foni uja ndinamuuza kuti abwere mawa, akayambe waganiza bwino bodza lake.

Amayi Ezeliya anandiphunzitsa Sitandade 3. Zala zangazi zimakumbukirabe rula yawo. Lero ndili ndi zaka makumi atatu ndi zinayi, ndevu zili apa, anthu amanditcha injiniya ngakhale sindine, koma iwo akangoti "Nedson" msana wanga umawongoka wokha.

"Nedson, chinthu chako chija chakana."

"Chakana bwanji, aphunzitsi? Khalani kaye, ndikupatseni madzi."

"Madzi ndamwa kunyumba. Ndikadina pamene ndimadina paja chikungotulutsa kabokosi ka tizilembo ting'onoting'ono. Maso angawa sakuwerenganso zoterozo. Taona iwe."

Ndinatsegula, ndinadina, kabokosi kaja n'kutulukadi. Ndinawerenga kamodzi, ndinabwerezanso. Kankanena kuti fayilo imene kaundula amatsamirapo sikupezeka. Ine ndekha pa dziko lino ndinkadziwa tanthauzo la mawu amenewo.

Ndiyambe ndafotokoza bwino, chifukwa nkhaniyi anthu ayamba kale kuipotoza m'midzimu.

Mpingo wathu, kuseri kwa Nsaru kulowera ku Kabudula, unali ndi mabuku asanu ndi limodzi a kaundula wa ubatizo, kuyambira 1948. Chiswe chinali chitayamba kale kuwadya m'mbali. Mu 2021 amayi Ezeliya, atapuma ntchito kalekale, anaimirira pa msonkhano n'kunena kuti iwo alemba maina onse m'kompyuta. Anthu anaseka chamumtima, koma palibe analimba mtima kuwakaniza. Vuto linali lakuti pulogalamu yosungira maina imene mpingo unali nayo inabwera ndi kompyuta ya mphatso zaka zambiri zapitazo, ndipo imakana kuyenda pa makina a masiku ano. Ine, ndi kuyerekedwa kwanga, ndinati zimenezo n'zazing'ono. Ndinapanga kompyuta ina m'kati mwa laputopu, yongoyerekezera, yoti pulogalamu yokalambayo izidziona ngati ili kwawo. Disiki yonse ya kompyuta yam'katiyo inali fayilo imodzi yokha, ndipo ndinaitcha kaundula.

Tinajambula masamba onse ndi foni yanga, mazana asanu ndi anayi kudza khumi ndi awiri, n'kulowetsa zithunzizo m'pulogalamu. Iwo anayamba kulemba maina, chala chimodzichimodzi, mphuno ili pafupi ndi galasi. Zaka ziwiri zathunthu! Foni ija anadzandibera ku depoti ku Lilongwe, koma sindinadandaule za zithunzi, popeza zinali zitalowa kale m'kaundula.

Tsiku lina tikujambula buku lachinayi, anandigwira mkono.

"Tsamba ili ujambule kawiri."

Linali la Malichi 1981. Chaka chimenecho mlembi wa mpingo anali amuna awo, malemu a Laison. Pa mzere wachinayi, ndi inki ya buluu, a Laison analemba ndi dzanja lawo dzina la mwana wawo woyamba, Yosefe. Mwanayo anapita ndi chikuku asanakwanitse miyezi isanu ndi itatu. Analibe chithunzi, kadi yake ya kusikelo inatayika posamuka, ndipo pa manda ake panalibe mwala. Amayi Ezeliya anandiuza mosabisa kuti ntchito yonseyi anaivomera chifukwa cha mzere umodziwo. "Pa dziko lonse, Nedson, ndi pokhapa pamene pakusonyeza kuti mwana ameneyu anakhalako." Ndinajambuladi kawiri.

Januwale wa chaka chatha mphepo inasasula denga la kachipinda kosungiramo mabuku, kuseri kwa tchalitchi. Mvula inagwa masiku atatu. Pamene anthu ankakwanitsa kukankha chitseko, mabuku onse asanu ndi limodzi anali phala. Abusa anaima pa guwa n'kuthokoza Mulungu chifukwa cha amayi Ezeliya ndi Nedson. Anthu anawomba m'manja, ine ndinatupa mpaka malaya kundithina. Sindinakumbukire n'komwe chimene ndinachita chaka chimodzi mmbuyomo.

Chimene ndinachita ndi ichi. Mu 2023 pulogalamu ija inkazengereza potsegula, ndipo ndinafuna kuikonza. Poopa kuti ndingaononge, ndinachita chimene ku koleji tinkachitcha sinapushoti. Fayilo yaikulu imatsekedwa, osalembamonso ngakhale kadontho. Pambali pake pamabadwa kafayilo kena kopanda kanthu. Makina amaiona disiki ngati tizigawo tofanana, kalikonse makilobayiti 64, ndipo kafayilo katsopanoko kamakhala ndi tebulo losonyeza kuti kagawo aka kali muno, aka mulibe, mukafunse kwa wamkulu. Mukasintha chilembo chimodzi chokha, makina amanyamula kagawo konse kamene muli chilembocho, n'kukakopera m'kafayilo katsopano, n'kusinthira momwemo. Zimene simunazigwire sakopera, zimangokhala kwa wamkulu uja. Wogwiritsa ntchito saona kusiyana kulikonse, amaona kaundula mmodzi wathunthu.

Kuti aphunzitsi asasokonezeke, kafayilo kakang'onoko ndinakapatsa dzina lomwe lija, kaundula. Yaikulu ija ndinaitcha chakale. Asa, chakale! Mwa maina onse a pa dziko lapansi ndinasankha limenelo. Ndinati Loweruka lotsatira ndibweranso kudzaziphatikiza zikhalenso fayilo imodzi. Loweruka limenelo kunali ukwati ku Namitete. Lotsatira lake kunali mpira. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Tsopano apa anali atakhala pa benchi m'shopu mwanga, manja pa maondo, akundiyang'ana.

"Aphunzitsi, munali fayilo yaikulu muno. Ili kuti?"

"Yolembedwa chakale ija? Ndinaichotsa Lamulungu."

Anafotokoza modekha, ngati akupereka lipoti kwa ahedi. A Gideon, mlembi wa mpingo wa tsopano, anabwera ndi makanema a chikondwerero cha makwaya, makwaya khumi ndi anayi, kuti awasunge mu laputopu. Laputopu inati malo atha. Amayi Ezeliya anavala magalasi n'kuyang'ana bwinobwino. Anaona fayilo yaikulu kuposa zonse, yolembedwa chakale, deti lake likusonyeza kuti yatha zaka ziwiri isanagwiridwe. Iwo aphunzitsa zaka makumi anayi. Kusukulu rejisitala ikakoperedwa mwaukhondo m'buku latsopano, yakaleyo siidikira chilolezo cha munthu, imapita kokayatsira mbaula. Anaichotsa, n'kukhuthulanso bini ya m'kompyuta monga ndinawaphunzitsira ine mwini. A Gideon anathira makanema awo mpaka disiki inadzazanso tho.

Ndili ndi mtima wapachala, amene amandidziwa sadabwa. Ndinamenya tebulo mpaka tizitsulo ta mafoni tinadumpha.

"Munandifunsa? Foni muli nayo, nambala yanga muli nayo! Mungochotsa chinthu chimene simukuchidziwa? Chifukwa cha makwaya? Makwaya!"

Wogulitsa mandasi pakhonde anasuzumira. Amayi Ezeliya sanaphethire. Anandisiya ndimalize, kenaka anamasula mfundo ya pa ngodya ya chitenje chawo n'kutulutsa fulashi.

"Usakalipe, iwe. Ukuyesa ndine mwana? Lachisanu lililonse ndimakopera kaundula muno, monga unanenera. Sindinadumphepo ngakhale limodzi."

Anandipatsa monyadira. Ndinailandira ndi manja awiri, koma mumtima ndinali nditadziwa kale. Ndinakumbukira tsiku lina, miyezi ingapo chichitireni sinapushoti ija, titakumana pa msika. Anati, "Nedson, masiku ano kukopera kuja sikuchedwa. Kale ndinkaphika tiyi n'kumwa kusanathe, pano ndikangotembenuka kwatha." Ine ndinaseka. Ndinati, "Ndi chitukuko chimenecho, aphunzitsi." Munthu anandiuza poyera kuti chinachake chalakwika, ine n'kuyankha za chitukuko.

Ndinalowetsa fulashi. Munali fayilo yotchedwa kaundula, kakang'ono kaja. Lachisanu loyamba lomwe, kanalowa m'malo mwa yathunthu imene inali m'menemo, popeza dzina linali limodzi. Malo amene anatsala, kwa zaka ziwiri mpingo unkanyamulirapo maulaliki ndi nyimbo zopita ku mabwalo a ulaliki, kuthira n'kuchotsa, kuthira n'kuchotsa.

"Zilimo, eti?"

Apa ndi pamene ndinayenera kunena zoona. Sindinanene.

"Ndisiyireni masiku atatu, aphunzitsi."

"Tsamba lija lilimo?"

"Ndisiyireni masiku atatu."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Anapinda chitenje chawo, n'kutuluka kukafuna kabaza. Ndalama ya kabaza imene ndinawapatsa anaikana.

Ndinatseka shopu, n'kulemba pa chitseko kuti ndapita ku maliro. Fayilo ikachotsedwa siifafanizika nthawi yomweyo. Makina amangonena kuti malo ake ndi aulere, aliyense akhoza kumangapo. Chikhala kuti laputopu anangoizimitsa n'kubwera nayo, bwenzi nditabweza zonse dzuwa lisanapendeke. Koma pamalopo panali patamangidwa kale makwaya khumi ndi anayi. Ndinakopera disiki yonse pa ina, kuti ndisaonongenso kanthu, n'kuyamba kusesa kagawo ndi kagawo, kufunafuna paliponse pamene pakuoneka ngati poyambira chithunzi. Ndinachita chimodzimodzi ndi fulashi.

Lachitatu lonse linatha ndikuona zithunzi zikutuluka chimodzichimodzi. Tsamba la 1952, lathunthu, loyera bwino. Tsamba la 1967, theka lapamwamba lokha, pansi pake mbuu. La 1990 linatuluka mizere itatu basi. Chithunzi chilichonse chikamatseguka ndinkayang'ana inki ya buluu. Inki ya buluu inabweradi kanayi, dzanja la a Laison lenileni, zilembo zawo zoimirira ngati asilikali, koma anali masamba a 1979 ndi 1983. Pa zithunzi mazana asanu ndi anayi aja ndinapulumutsa makumi asanu ndi atatu kudza zinayi, zambiri zoduka. Ndinajambula kawiri, inde, koma zithunzi ziwirizo zinagona moyandikana pa disiki, ndipo zinakwiriridwa pamodzi. Pamalo pamene ndinkaganiza kuti zinali ndinapezapo azimayi ovala zobiriwira akuvina.

Lachinayi masana wina anagogoda. Anali a Gideon, atatsamiritsa njinga yawo pa khoma.

"Maliro ake ndi a ndani, a injiniya, inu muli m'kati muno?"

"Lowani mutseke chitseko."

Anakhala pansi, n'kuvula chipewa. Anati seshoni, bwalo la akulu a mpingo, ikumana Loweruka, ndipo nkhani yafika kale kwa abusa. Akuluakulu ena akuti amayi aja akalamba, maso atha, laputopu iwachoke. Ena akuti anachenjezedwa kalekale kuti zinthu za ana a masiku ano azisiye.

"Si kuti tikuwaimba mlandu," anatero a Gideon, "koma dzanja limene linachotsa ndi lawo. Kapena mukuona bwanji inu odziwa?"

"Ndikuona kuti inu ndi makanema anuwo mukanakhala kwanu, bwenzi zonsezi kulibe! Makwaya khumi ndi anayi, ndani adzaonere zimenezo? Mwaonerapo ngakhale imodzi?"

A Gideon anavala chipewa chawo pang'onopang'ono. "Ine ndinafunsa ngati malo alipo, ndinauzidwa kuti apezeka. Tsalani bwino." Anatuluka. Ndinali nditakalipira anthu awiri tsopano, onse akuluakulu kwa ine, onse osalakwa, ndipo za dzina lija ndinali ndisanauze munthu. Ndinachita manyazi mpaka ndinalephera kudya.

Chinatsala ndi kafayilo kakang'ono kaja. Zithunzi sizikanapezekamo, popeza chithunzi chikalowa palibe amachisinthanso. Koma maina olembedwa ndi chala cha aphunzitsi, amenewo ena akanapezeka. Kwa zaka ziwiri munthu akamwalira, akakwatira, kapena akasamukira ku mpingo wina, iwo ankatsegula dzina lake n'kuwonjezera deti. Ndinatsegula tebulo la kafayiloko n'kuyamba kutsatira kagawo kalikonse kamene likuti kali muno. Pulogalamu yokalamba ija imamwaza malo, moti m'kagawo kamodzi mumangokwana maina pafupifupi makumi atatu.

Maina anayamba kutuluka m'magulumagulu, ndipo ndinachita mantha nditaona mmene akutulukira. Gulu lililonse linali ndi munthu mmodzi amene ndinkamudziwa nkhani yake. Apa agogo ena a kwa Nambuma amene tinawaika m'manda chaka chatha, atazunguliridwa ndi anzawo makumi awiri ndi asanu ndi anayi amene anabatizidwa nawo mu 1950. Apa mtsikana amene anakwatiwira ku Mpingu, ndi ana onse a m'nyengo yake. Munthu mmodzi akagwiridwa ankapulumutsa oyandikana naye onse. Kumene kunalibe imfa, ukwati kapena msamuko, tebulo linkangoloza kwa wamkulu amene kulibenso. Pa maina zikwi zisanu ndi ziwiri ndi mazana anayi, ndinawerenga chikwi chimodzi ndi mazana asanu ndi anayi.

Ndipo ndinadumpha pa mpando. Richard! Richard anali wa kabaza wa njinga yamoto amene anagundidwa ndi lole chaka chatha. Makolo ake anali matenanti ochokera ku Phalombe, anabwera kudzalima fodya pa esiteti n'kufera konkuno. Ine ndinali pa maliro ake, ndipo powerenga mbiri yake ananena kuti anabatizidwa mu mpingo wathu mu Malichi 1981. Amayi Ezeliya sadumpha maliro. Ngati analemba imfa ya Richard, ndiye kuti kagawo konse kanakoperedwa, Yosefe ali momwemo, ndi masiku ake onse. Dzanja la a Laison latayika, chabwino, koma mzere wa mwana ulipo. Ndinaseka ndekha m'shopu ngati wamisala.

Ndinalemba Yosefe n'kufufuza. Anatuluka a Yosefe khumi ndi mmodzi, wa 1981 panalibe. Ndinalemba Richard. Panalibe. Ndinasanja magulu onse motsatira zaka. Gulu lina linathera pa Febuluwale 1981, lotsatira linayambira pa Juni. Ndinabwereza katatu, ndinawerenga tebulo ndi chala ngati mwana wa Sitandade 1. Pa kagawo kamene kanali pakatipo tebulo linali ndi ziro.

Lachisanu, dzuwa litapendeka pang'ono, ndinakwera njinga yamoto kupita kwawo. Ndinawapeza pakhonde akusenda mtedza m'lichero. Anandiyalira mkeka, ine ndinakhala pansi penipeni, laputopu pa maondo. Tinapatsana moni. Anandifunsa za mayi anga ndi miyendo yawo, ndinayankha. Kenaka anaika lichero pambali.

"Nena."

Ndinanena zonse, kuyambira pa sinapushoti. Ndinatenga kope la mdzukulu wawo limene linali pa zenera kuti ndifotokozere. Ndinati tiyerekeze kuti buku lalikulu latsekeredwa m'kabati, inu mwapatsidwa kope. Mukafuna kukonza mawu amodzi, mumakopera tsamba lonselo m'kope n'kukonzera momwemo. Masamba ena onse m'kopemo mwangolembedwa kuti onani m'buku lalikulu. Chimene munkasunga Lachisanu lililonse ndi kope. Buku lalikulu ndi limene ine ndinalilemba pachikuto kuti chakale. Ndinawauza za ukwati wa ku Namitete, za mpira, za chitukuko chija. Ndinati pepani, ndinakukalipirani pa mlandu wanga womwe.

Anamvetsera osandidula. Mphunzitsi ndi mphunzitsi, anamva kamodzi kokha.

"Ndiye amene ndinawagwira ndi amene apulumuka, eti?"

"Inde, aphunzitsi. Iwo ndi oyandikana nawo."

"Chithunzi cha tsamba lija?"

"Palibe. Zonse ziwiri."

Anagwedeza mutu pang'ono, ngati ankayembekezera. "Nanga mzere wake, umene ndinalemba ine?"

"Ndi chimene chandibalalitsa mutu. Unayenera kupezeka. Richard wa kabaza uja anabatizidwa mwezi womwewo. Pamene munkalemba za imfa yake, makina anayenera kukopera kagawo konse. Kaya chinachitika n'chiyani, mwina tsikulo batire linatha musanasunge, mwina..."

"Sindinalembe."

Iwo anaimirira movutikira, n'kulowa m'nyumba. Anatuluka ndi Baibulo lawo, anatsegula, n'kusolola kapepala kopindika. Kanali ka dzanja la a Gideon, dzina la Richard ndi tsiku limene anamwalira.

"Anandipatsa sabata yomweyo ya maliro. Dzina la Richard lili pansi penipeni pa la Yosefe, anabatizidwa tsiku limodzi, amayi ake anaima pambali panga. Kuti ndilembe izi ndinayenera kutsegula pamenepo. Chilembereni mzere uja sindinapatsegulenso, Nedson. Ndinkaopa. Ndi maso angawa, ndi dzanja lonjenjemerali, ndinkati ndikadina polakwika ndifufuta mwana wanga. Lachisanu lililonse ndinkatulutsa kapepalaka, n'kukabwezera. Ndinkati ndidzalemba tsiku limene udzabwere, uli pambali panga."

Kalanga ine! Miyezi khumi ndi inayi kapepalako kali m'Baibulo, ine ndili pa Nsaru pompa, ulendo wosakwana ola limodzi, ndikukangana ndi anthu za mafoni ogwera m'madzi.

"Mlandu si wanu, aphunzitsi. Ngakhale pang'ono. Ndikanaphatikiza mafayilo aja..."

"Zimenezo ukanene mawa ku seshoni, a Gideon ali pomwepo."

"Ndikanena."

"Ukanene zonse, ndi za mpira zomwe."

"Ndikanena, aphunzitsi."

Ndinali nditakonza kale kaundula watsopano, nditalowetsamo maina onse opulumuka aja. Ndinatsegula laputopu n'kuitembenuzira kwa iwo, ngakhale ndinkadziwa kuti pa mtunda umenewo sakuona kanthu. Ndinati dzanja la a Laison sindingathe kulibweza, koma mzere wa mwana tikhoza kuulembanso pompano, inu muzinena ine ndizilemba. Anaganiza kwa kanthawi, n'kukhala pansi pa mkeka pambali panga. Chiyambire sindinawaonepo atakhala pansi pamodzi ndi mwana wa sukulu.

"Dzina?"

"Yosefe Laison."

"Makolo?"

Ananena maina onse awiri, ndi mudzi, ndi dzina la abusa amene anabatiza. Mawu awo anali olimba. Tsiku lobadwa ananena ndisanamalize kufunsa, pa 28 Okotobala 1980.

"Tsiku la ubatizo?"

"Malichi 1981. Pa 8."

Ndinalemba 8.

"Ayi, dikira. Pa 15." Anatseka maso. "Fodya anali atayamba kuthyoledwa. Bambo ake anavala jekete lobwereka kwa achimwene awo. Pa 8 kapena... Kunali mgonero tsiku limenelo? Ayi, mgonero unali sabata inayo. Inayo yake iti?"

Ndinayang'ana pa kalendala ya mu foni. Mwezi umenewo unali ndi ma Lamulungu asanu. Ndinawawerengera onse mokweza, 1, 8, 15, 22, 29, kuti mwina limodzi liwagunde pamtima. Ankatsatira ndi milomo. Pa lililonse ankaima pang'ono, n'kupukusa mutu.

"Kapena tifunse kwa abale a Richard?"

"Atsala ndani? Mkazi wake anabwerera ku Phalombe, ndipo iye angadziwe bwanji?"

"Tingolemba 8, aphunzitsi. Ndi limene linayamba kukubwererani. Palibe adzatsutse."

Anatsegula maso n'kundiyang'ana mmene ankandiyang'anira ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi.

"Usalembe chimene sitikuchidziwa. Fufuta."

Ndinafufuta. Kabokosi ka tsiku kanatsala koyera.

"Ndi tsiku lokhalo limene tinamunyamula tonse awiri pamaso pa anthu," anatero. "Zaka makumi anayi ndinalisunga m'mutu muno, osalilemba paliponse. Nditaona kuti lalowa m'kompyuta yako, ndinati basi, tsopano lili pabwino. Ndinalimasula, Nedson."

Anakoka ngodya ya chitenje n'kuphimba nkhope. Mapewa awo anayamba kugwedezeka, opanda phokoso. Nkhuku zinabwera n'kuyamba kujompha mtedza wa m'lichero, ndipo palibe mmodzi wa ife amene anazipirikitsa.